Thandizeni abale: L wa mu sewero loimba la Death Note anadziwomberanji yekha? Ndabetcha ndalama za eni

Membala wobisa dzina

Abale anzanga, ndithandizeni, tulo sindikulipeza. A Admin chonde iyi yokha muilole, ulendo watha munakana positi yanga osandiuza chifukwa pamene za anthu ogulitsa nsapato mumazilola tsiku ndi tsiku.

Nkhani ili chonchi. Ine Death Note ya katuni, nkhani ija ya ku Japan ya kope loti ukalembamo dzina la munthu amafa, ndinaionera yonse, magawo 37, kawiri konse. Ndiye kunyumba kwathu kuli alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba. Anabwera mu Febuluwale akuti masabata awiri okha akufuna ntchito, lero tikuwerenga miyezi isanu ndi iwiri. Shuga sakhalitsa, chaja yanga anathyola mpaka lero sanapepese, rimoti amagona nayo. Iwowa ndi amene anandiuza kuti ku Japan Death Note anaipanga sewero la pa siteji, loimbaimba. Ndinaseka. Ryuk, mulungu wa imfa mwini kope uja, aziimba? Koma nditaonera ndinavomera, nyimbo zake ndi zabwino, makamaka pamene Light, mnyamata wopha anthu ndi kopelo, ndi L, wofufuza milandu amene akumusaka, akusewera tenisi paja.

Vuto ndi mathero. L, munthu wochenjera dziko lonse, akupita yekhayekha ku nyumba yosungiramo katundu, opanda wapolisi ngakhale mmodzi, mfuti m'manja. Akumuwombera Light, osamupha. Kenako akudziloza yekha mfuti ija n'kudziwombera. Chifukwa chiyani? Ndiye Light wapambana, akusangalala, Ryuk akungotenga kope n'kumulemba dzina pomwepo. Walakwa chiyani? Rem, mulungu wa imfa wina uja, naye anangosowa, sindinamuonenso. Near ndi Mello, olowa m'malo a L aja, kulibe. Kodi kuli gawo lachiwiri?

Ine ndinati seweroli ndi lobooka, olemba anatopa n'kungomata mathero. Alamu akuti palibe pobooka. Tinakangana mpaka aneba anatuluka, ndipo tinabetcherana K30,000 iwo ali mboni. Tsono ndalamayo si yanga, ndi ya banki m'khonde ya mayi a kunyumba, anandisungitsa kuti ndikapereke Loweruka. Sakudziwa kanthu. Ndiuzeni, wapambana ndani? Ndipo ndikapambana ine, munthu wosagwira ntchito andilipira ndi chiyani? Chonde osanyoza, BP yanga ndi yokwera kale.

Che Ryuk wa ku Ndirande

Kkkkk achimwene, dzina lanu lalembedwa kale mu kope la madamu. Mwatsala ndi masekondi 40.

Kamtsikana ka ku Zomba

Funso limodzi musanapite patali. Munaonera liti, la Chijapani kapena la Chikoreya? Linali ndi ma subtitle? Ndipo munaonera lonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Mayi Nabanda

Bambo wapabanja, ndevu zili pepeya, kubetchera ndalama za banki m'khonde chifukwa cha zidole. Mukudziwa manyazi amene mzimayi amaona akafika pagulu opanda ndalama? Amayi anzake amabwera kudzanyamula mapoto ndi matilesi. Ine zinandionekera 2019, bambo a kwathu anatenga ya gulu kukabetchera mpira, ndinagulitsa mashini anga osokera. Mpaka lero ndimasokera kwa anthu. Komanso kope loti ukalemba dzina munthu n'kufa, umenewo si ufiti? Mukulowetsa zotani m'nyumba muli ana?

Sensei wa ku Area 25

Khalani pansi nonse ndikuphunzitseni, chifukwa ndikuona anthu ayamba kuyankha zinthu zimene sanawerenge. Choyamba, Death Note si zidole amayi, ndipo sinayambe ngati katuni. Ndi manga, mabuku a nkhani zojambula a ku Japan. Analemba Tsugumi Ohba, anajambula Takeshi Obata, inkatuluka mu magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira Disembala 2003 mpaka Meyi 2006. Machaputala 108, mabuku 12, ine ndinawerenga onse, ena katatu. Katuni ya kampani ya Madhouse inabwera pambuyo, 2006 mpaka 2007. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku Tokyo mu Epulo 2015. Nyimbo anapeka Frank Wildhorn wa ku America, yemwe uja wa Jekyll & Hyde, mawu a nyimbo Jack Murphy, nkhani anaikonza Ivan Menchell, wotsogolera Tamiya Kuriyama. L anali Teppei Koike, Light ankasinthana anthu awiri, Kenji Urai ndi Hayato Kakizawa. Amene sakudziwa zimenezi asayankhe.

Tsopano iwe mphwanga wofunsa. L sanapite ku nyumba ya katundu ija ya pa doko la Daikoku mwa nzeru zake. Pamene ankanyamuka n'kuti dzina lake litalembedwa kale mu kope la Rem. Malamulo a kope ndi awa: ukalemba dzina uli ndi masekondi 40 oti ulembe chimene chimuphe munthuyo, ukapanda kulemba amafa ndi mtima. Ukalemba, uli ndi mphindi 6 ndi masekondi 40 zoti ulembe tsatanetsatane, kumene apite, chimene achite asanafe. Ndipo ukhoza kumuyendetsa munthu choncho mpaka masiku 23. Ndiye L amene ukumuona ndi mfuti uja ndi munthu woyendetsedwa ngati ng'ombe ya pangolo. Light anakonza zoti zioneke ngati Kira, dzina limene anthu anapatsa wakupha wa kope uja, anali L yemweyo, anafuna kupha Light atamutulukira, kenako n'kudzipha. N'chifukwa chake chipolopolo chikungomuvulaza Light. Bala lija ndi umboni wake wokaonetsa apolisi.

Zodzipha si zachilendo mu kope. Naomi Misora, mzimayi uja ankafufuza Kira, mu manga anafa bwanji? Light anamulemba kuti akadziphe kumalo koti mtembo usapezeke. Wabetcha zinthu usakuzidziwa. Lipira.

Membala wobisa dzina

A Sensei zikomo koma mawu oti mphwanga ayi, ndili ndi ana atatu. Komanso inu simukuwadziwa alamu angawa. Dzulo lomweli anadya ndiwo za ana za mawa lake n'kunena kuti ndi mphaka. Ife mphaka tilibe. Mayi Nabanda, ndalamayo sindinadye, ili m'foni, ndangoibetchera.

Kamtsikana ka ku Zomba

Achimwene simunandiyankhe. Munaonera lonse?

Wa Magalimoto a ku Dar

Daikoku mukunenayo ine ndikuidziwa, ili ku Yokohama, ndi doko limene amakwezerako magalimoto ambiri ochoka ku Japan. Mwina ka Sienta ka aneba anu kanadutsa pakhomo pa nyumba imene anafera L yo kkkk. Ine chaka chatha ndinaitanitsa galimoto, pa chithunzi yoyera bwinobwino, kukafika ku Dar ndinapeza wailesi anazula, jeke mulibe, tayala la sipeya mulibe. Ejenti uja foni anathimitsa. Ndinagona masiku anayi pa boda ya Songwe ndikudya nthochi zokhazokha. Likanakhalapo kope limenelo ndikanayambira iyeyo, dzina lake ndikulidziwa lonse ndi nkhope yomwe. Amene akufuna galimoto yabwino andipeze ku inbox.

Admin

Malonda ayi pano. Chenjezo loyamba.

Wazisudzo Wakale

Anyamata a masiku ano mumaonera sewero ngati mukuwerengera ndalama za msonkho. Ine ndinapanga zisudzo kuyambira ku sekondale pa mipikisano ya ATEM, ndipo ndinaonerako Du Chisiza ali moyo. Pa siteji sungalowetse mabuku 12. Uli ndi maola awiri ndi kanthu, theka lake nyimbo. Umasankha msana wa nkhani, zina zonse umataya. Msana wa Death Note ndi anyamata awiri anzeru amene aliyense akudzitcha chilungamo. L akafa nkhani yatha, anthu akufuna azikakwera minibasi. Ukabweretsa Near ndi Mello ola lachitatu holo itsala mipando yokha. Kudula si kuboola.

Sensei wa ku Area 25

Apa mdala mwalasa, ngakhale manga simunawerenge. Mu katuni L amafa gawo la 25, ndipo aliyense woona mtima amavomera kuti magawo 12 otsalawo ndi ozizira. Seweroli linatayanso nkhani yonse ya kampani ya Yotsuba, linataya zoti Light anadzipereka kutsekeredwa masiku 50 atataya kope kuti aiwale, linataya lamulo labodza lija la masiku 13. Linangotenga imfa ya L n'kuilumikiza ndi imfa ya Light ya kumapeto kwa manga, imenenso inachitikira ku Daikoku komweko. Gawo lachiwiri kulibe ndipo silikufunika.

Za Ryuk, funso limenelo ndi la mwana wa sitandade 2. Ryuk ananena poyambirira penipeni kuti tsiku lomaliza dzina la Light adzalemba ndi iye. Ryuk si mnzake wa Light. Kope analigwetsa dala chifukwa kwawo kunamutopetsa, anabwera kudzaonera masewera ndi kudya maapozi. L wafa, mpikisano watha, kwatsala kumangoona mnyamata akulemba mayina tsiku lililonse ngati kalaliki wa pa sikelo ya fodya. Akhalirenji?

Kamtsikana ka ku Zomba

A Sensei, poti mwati palibe pobooka, tandiyankhani izi. Dzina la munthu likalembedwa mu kope, wolembayo akuganiza nkhope yake, munthuyo amafa. Ndiye Rem analemba bwanji zoti L akawombere Light popanda kulemba dzina la Light? Chachiwiri, kope silingamuchititse munthu chinthu chimene sangachiganize kapena chosatheka, Light anayesa yekha pa akaidi aja zinakanika. L amene ankabisa nkhope ndi dzina moyo wake wonse, kupita yekha kokakumana ndi munthu amene akumuganizira kuti ndi Kira, zimenezo ndi zoti angaziganize? Chachitatu, apolisi onse, kuphatikizapo bambo ake a Light, a Soichiro, ankadziwa kuti L wakhala akuloza Light chala. Mawa lake amve kuti L wafa ali awiriwiri ndi Light yemweyo, ndiye angovomera kuti Kira anali L? Ndipo Kira akapitiriza kupha sabata yotsatira, bodza lija lithera pati?

Sensei wa ku Area 25

Iwe, loyamba ndi losavuta. Sulemba dzina, umalemba kuti "munthu amene akumukayikira kwambiri". Light anachita zofananazo ndi Raye Penber wa FBI, anapha anzake a Penber 11 osadziwa nkhope zawo, pomugwiritsa ntchito Penber yemweyo kulemba mayina. Mnyamata uja malamulo ankawapinda ngati waya. Lachiwiri, L anapita yekha ku yunivesite ya To-Oh n'kukamuuza Light maso ndi maso kuti ine ndine L. Ndiye usandiuze kuti sangayende yekha. Lachitatu ndi maganizo ako chabe.

Kamtsikana ka ku Zomba

Iwe ndi ndani? Sitinakulire limodzi. Ndipo za Penber ndi nkhani ina, pamene paja wolemba mayina anali Penber akuona zithunzi, sizikukhudzana ndi zimene ndafunsa. Lachitatu mwalithawa chifukwa mulibe yankho.

Sensei wa ku Area 25

Sindithawa funso ine. Pulani ya Light kukhala yoperewera si kubooka kwa sewero, ndi khalidwe la Light. Mnyamata uja ndi wodzimva. Mkaidi uja Lind L. Tailor, wonamizira kukhala L, atangomunena pa TV kuti ndi woipa anapsa mtima n'kumulemba pomwepo, osadziwa kuti ndi msampha, L n'kudziwa kuti Kira ali m'chigawo cha Kanto. Munthu wotero akhoza kupanga pulani yokhala ndi mawa lobooka. Komanso mawa lakelo silinafike, Ryuk anatseka buku. Machaputala 108 mwawerenga angati inu?

Che Ryuk wa ku Ndirande

A Sensei akafika kumwamba adzafunsa mngelo wa pageti kuti machaputala 108 mwawerenga angati.

Nasibeko ku Leeds

Ine ndinalionera ndi maso anga ku London Palladium mu Ogasiti 2023, la Chingerezi. Ndinakwera sitima kuchokera kuno nditangoweruka shifiti ya usiku, ndipo tikiti ndinagulira mnzanga wina wa kumudzi konkuno amene anati adzandibwezera kumapeto kwa mwezi. Mwezi wake sunathebe mpaka lero, koma pa Facebook ali ku Dubai. Leka ndisayambe.

Zimene ndinganene n'zoti amene akuti Rem anangosowa sanaone sewero limene ndinaona ine. Rem ali ndi nyimbo yake yonse kumapeto, pamene akuvomera kulemba dzina la L akudziwa kuti afa nazo. Mzimayi amene anakhala pafupi nane analira mpaka kupempha tishu. Ndi malo amene sungawaphonye ngakhale ukusinza.

Mnyamata wa ku Chipata

Ine funso langa ndi ili. Ngati Rem amaona maina a anthu, analekeranji kumulemba L tsiku loyamba? Sembe nkhani inatha kale.

Sensei wa ku Area 25

Chifukwa akatero amafa! Mulungu wa imfa akapha munthu ndi cholinga chotalikitsa moyo wa munthu amene amamukonda, amasanduka mchenga. Ndi mmene anafera Gelus, mulungu wa imfa mnzake, populumutsa Misa, mtsikana wokonda Light amene Rem amamuteteza, kwa chigawenga chija, ndipo kope la Misa linachokera kwa iyeyo. Rem anaona zimenezo ndi maso ake. Ndiye si nkhani yongotenga cholembera. Anadikira mpaka Misa atagwidwa, atamangidwa m'maso, atataya kope n'kuiwala zonse, Light n'kumupanikiza kuti L akakhala moyo Misa sapulumuka. Ku Japan chilango cha imfa chilipo, amanyonga. Ndipo dzina la L sakanangomuuza Light, milungu ya imfa siloledwa kuuza anthu mayina amene ikuona. N'chifukwa chake pali malonda a maso aja, theka la moyo wako wotsala.

Mayi Nabanda

Mwamva? Milungu ya imfa, kugulitsa moyo, kudzipha. Ndiye muziti si za satana. Ku China anachita bwino kuziletsa.

Che Ryuk wa ku Ndirande

Amayi mwadziwa bwanji za ku China ngati simuzitsata? Ululani, mumaonera ana akagona.

Mayi Nabanda

Anandiuza mwana wanga wamkulu pamene ndinkamulanda foni. Usandiyankhe mwachipongwe, ndikhoza kukubereka.

Wokonda Mafilimu

Nonse mukuvutika ndi mathero olakwika. Abwino ndi a filimu ya ku Japan ya 2006, yachiwiri ija. L akudzilemba yekha dzina mu kope, kudzipatsa masiku 23, ndiye Rem akamulemba sizikugwira chifukwa dzina linalembedwa kale. Light akugwidwa, L akufa atapambana. Ameneyo ndiye L. Wa mu seweroyu anamupusitsa kwambiri. Komanso, Takeshi Kaga amene anali bambo a Light mu filimuyo ndi yemwenso anali bambo ake pa siteji 2015. Ya Netflix ya 2017 ya ku Seattle ija tisaitchule, ndinaononga bandulo.

Sensei wa ku Area 25

Filimu si manga. Koma ya Netflix tagwirizana.

Mlangizi wa Zaulere

Nkhani ya L isiyeni. Bambo, kaperekeni ndalama ya banki m'khonde lero lomwe, musadikire Loweruka, kuti ichoke m'foni mwanu. Kenako muwauze alamu kuti kubetcha kuja kunalibe woweruza ndiye kwafa. Akalimbikira, awerengereni shuga, sopo ndi chaja za miyezi isanu ndi iwiri, muone wotsala ndi ngongole ndani. Paja mlendo ndi mame, koma mame anu afika masana.

Membala wobisa dzina

A Nasibeko nyimbo ya Rem yakumapeto iti? Ine ndinaona Misa atamangidwa pa chinthu chija akuimba, kenako L ali ndi mfuti. A Mlangizi, kuwerengera alamu shuga ndiye kuyambana ndi akuchikazi onse, apongozi anga simukuwadziwa, pa chinkhoswe chathu anabweza nkhuku akuti yaonda.

Kamtsikana ka ku Zomba

Ndikufunsa kachitatu. Munalionera bwanji seweroli?

Membala wobisa dzina

Alamu ankanditumizira pa WhatsApp zidutswazidutswa, zinalipo 11. Anthu ake amayankhula Chikoreya ndikuganiza, L wake ndi woimba uja Kim Junsu, anatero alamu. Mawu a pansi analipo pa zina, zina ayi. Chidutswa cha nambala 9 ndi 10 sizinatseguke, bandulo inathera pomwepo magetsi atazima, koma ndinaona kuti ndi zapakati chabe ndiye ndinangopita pa 11. Kodi zimenezo zili ndi kanthu?

Che Ryuk wa ku Ndirande

Kkkkkkk ndafa ine. Munthu wadumpha maliro n'kumafunsa kuti manda awa ndi a ndani.

Nasibeko ku Leeds

Achimwene inu! Chibowo chili m'foni mwanu, osati ku Japan.

Sensei wa ku Area 25

Ndalemba ndime khumi kuphunzitsa munthu amene sanaone n'komwe. Komabe zonse ndanena zija ndi zoona, ndipo palibe wanditsutsa.

Kamtsikana ka ku Zomba

Ndakutsutsani ine, lachitatu lija likadali pompo. Achimwene ofunsa, mvetserani. Kubetcha kwanu kunali kotani kwenikweni? Ngati munati L anadziwombera popanda chifukwa, mwaluza, chifukwa chili mu zidutswa zimene simunaone. Koma ngati munati seweroli lili ndi pobooka, basi osatchula pati, ndiye mukadali ndi mpata. Kawafunseni alamuwo kuti apolisi akanakhulupirira bwanji zoti Kira ndi L, komanso anthu akanapitiriza kufa Light akanati chiyani. Asakuyankheni kuti Ryuk anatseka nkhani, Light sankadziwa kuti afa tsiku limenelo.

Sensei wa ku Area 25

Mukumuphunzitsa kuba. Kuperewera kwa pulani ya munthu wa mu nkhani si kubooka kwa nkhani, ndanena kale. Kubooka ndi pamene nkhani yaphwanya lamulo lake lomwe. Ndionetseni lamulo limodzi la kope limene laphwanyidwa, limodzi lokha, ndituluka m'gulu muno.

Wazisudzo Wakale

Musatilonjeze zabwino zotere a Sensei.

Wa Magalimoto a ku Dar

Amene anandifunsa za Sienta ku inbox, ndayankha.

Admin

Chenjezo lachiwiri.

Membala wobisa dzina

Mawu enieni a kubetcha sindikuwakumbuka bwino, tinali titakweza mawu. Ndafunsa aneba aja akuti iwo anangomva za K30,000, za L sakuzidziwa, ankayesa tikukangana za mpira. Alamu akuti anditumiziranso 9 ndi 10 koma ndiwagulire bandulo. Komanso wina mwa inu watumiza chithunzi cha positi iyi kwa mayi a kunyumba, angondiimbira kumene akufunsa kuti ndi bambo angati m'tauni muno ali ndi mlamu wothyola chaja. A Admin positi imafufutidwa bwanji?

Mnyamata wa ku Chipata

Musanafufute a bosi, 9 ndi 10 zikafika mutiponyereko na ife.